Chipewa cha NY, alamu anga ndi nkhani ya Gary Sánchez

Chipewa chija ndidagula pa kaunjika kumsika wa pa boma, chabuluu wokhala ngati wakuda, kutsogolo kuli N ndi Y zokolana, ndipo ndisaname ine ndinkayesa ndi kampani ya zovala ngati Puma kapena Adidas. Si ine ndekha. Tayimani pa buliji ya Bakili Muluzi m'mawa muwerenge anyamata a kabaza ovala chipewa chimenechi, mufika khumi tiyi asanazizire, ndiye mufunse mmodzi kuti aise timu imeneyi imasewera gemu yanji, akuyankhani kuti biggie ndi fashoni chabe iyi.

Ine ndidadziwa mu 2016 kuti ndi chipewa cha New York Yankees, timu ya baseball ya ku America. Nthawi imeneyo ndinali pa shifiti ya usiku pa resepushoni ya loji ina m'mbali mwa nyanja, msewu wopita ku Monkey Bay uwu. Kudabwera mzungu wina wa ku New York wofufuza za mbuna, tinsomba ta m'miyala tamawangamawanga tija, adakhala pafupifupi miyezi iwiri. Atangoona chipewa changa adasangalala ngati wapeza mbale wake kuchilendo, kundifunsa kuti player amene ndimamukonda ndani. Ine ndati player wa chani bwana? Adaseka mpaka kugwira tebulo. Wifi pa loji paja inkagwira bwino pa resepushoni pokha, ndiye cha m'ma 1 koloko usiku ankatulukira ndi laputopu yake atafunda chitenje chifukwa cha udzudzu, poti gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York kuno imakhala 1 koloko usiku. Ine tulo ndinalibe kale, mlonda wathu, madala ena ake amene adakhalapo siginala pa chilimira kwa zaka zambiri maso asanayambe kuvuta, nawonso amabwera kudzasuzumira. Iwo adangoti ameneyu ndi phada wa azibambo, mpaka lero sadasinthe maganizo.

Mwezi umenewo unali Ogasiti, ndipo amene amatsata baseball akudziwa kale zimene zinkachitika ku Yankees mu Ogasiti wa 2016. Mnyamata wa zaka 23 wochokera ku Santo Domingo, Dominican Republic, amene timu idamusaina ali ndi zaka 16 pa ndalama zokwana 3 miliyoni ya madola, adangokwezedwa kuchokera ku matimu ang'onoang'ono n'kuyamba kumenya mpira ngati wamulakwira. Ma home run 11 mwezi umodzi wokha. Pomwe sizoni imatha anali ndi 20 m'magemu 53. Kwa amene simudziwa, home run ndi pamene womenya waukwapula mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo osagunda pansi, ndiye kaya pali anzake amene anali kale pa ma base, malo amene osewera amaima akamathamanga kuzungulira bwalo, onsewo amalowa, zili ngati chigoli chobwera ndi basela. Mzungu uja ankalumpha mwakachetechete poopa kudzutsa alendo, kumangoti Kraken, Kraken, dzina limene bwana wa timu Brian Cashman adamupatsa, ati chinyama cha m'nyanja chomiza sitima. Ife a kunyanja nkhani za chinyama cha m'madzi sitichita kufunsa kawiri. Ndidalowa momwemo. Player woyamba amene ndidamudziwa dzina pa gemu yonse ya baseball anali Gary Sánchez, ndiye mukaona ndikumuikira kumbuyo m'munsimu mudziwe kuti ndi chikondi choyamba, chimapweteka.

Tsono ntchito yake yeniyeni Gary si kumenya. Iye ndi catcher, uja amanjuta kuseri kwa womenya atavala chisoti, chotchinga pachifuwa ndi zam'miyendo ngati wapolisi wa zipolowe. Pitcher amaponya mpira kuchokera pa mtunda wa mamita 18 ndi kanthu, liwiro lake pena kuposa makilomita 150 pa ola, ena monga Aroldis Chapman amene Gary ankamuwakhira ankapyola 160, ndipo mpirawo suyenda mowongoka ayi, umakhota, umamira, pena umagunda dothi kaye. Catcher ndi amene amauza pitcher kuti tsopano ponya wakuti, kale ndi zala pakati pa miyendo, kuyambira 2022 ali ndi kachipangizo kodina. Ndi amene amatchinga mpira wogunda pansi ndi thupi lake. Wina akafuna kuba base yachiwiri, kuthamangirako mpira usanamenyedwe, iye ndi amene amadzambatuka n'kuponya mamita pafupifupi 39 m'masekondi awiri. Amanjuta ndi kudzuka kopitirira ka 100 pa gemu imodzi, ndipo sizoni imakhala ndi magemu 162. Mawondo amenewo ine ndimawamvera chisoni. Kenako akamaliza zonsezo akuti vula zida pita ukamenye nawenso.

Apa ndi pamene alamu anga akulowera. Amuna awo a chemwali anga aakulu, amagula usipa ndi utaka kumadoko n'kumakagulitsa ku Limbe, koma unyamata wawo wonse anali goloboyi wa timu ya m'mudzi, zala ziwiri za dzanja lamanzere zidapindika mpaka lero. Mu 2017 ankagona kwathu akamadikira lole ya m'mamawa, ine n'kumawaonetsa ma highlights pa YouTube amene ndidadawunilodi ku ntchito. Sabata imodzi yokha anali atamvetsa malamulo kuposa ine, ndipo maso awo sankapita kwa womenya, ankangoyang'ana uja wonjuta kumbuyo. Adati uyu ndiye mnzanga. Ndipo pasanathe mwezi adagamula mlandu: "Alamu, mnyamata wanuyu manja ake ndi a sopo."

Zidandiwawa chifukwa sadaname kwenikweni. Mu 2017 Gary adamenya ma home run 33, adasankhidwa All-Star, gulu la madolo a ligi, adatenga mphoto ya catcher womenya bwino kwambiri mu American League, imodzi mwa ligi ziwiri zazikulu za kumeneko, koma chaka chomwecho adapulumutsa mipira 16 imene amayenera kugwira, ija amati passed ball, ndipo kochi wake Joe Girardi, amene naye anali catcher kale, adamukhazikapo pa benchi mu Ogasiti chifukwa cha zomwezo. Chaka chotsatira idakwera kufika 18 chonsecho adasewera magemu 89 okha. Alamu manambala amenewa adawaloweza ngati mtengo wa ndowa ya usipa.

Koma mkangano wathu weniweni, umene timaubwereza pa ukwati uliwonse ndi pa sadaka iliyonse mpaka chemwali kutithamangitsa pakhonde, ndi wa magemu awiri a mu Okutobala 2017, Yankees ikulimbana ndi Houston Astros kuti wopambana apite ku World Series, fainolo ya baseball ya kumeneko. Gemu yachiwiri, ku Houston, zinthu zili 1-1 mu inning yomaliza, chigawo cha 9 cha gemu, José Altuve wa Houston ali pa base yoyamba, Carlos Correa wamenya mpira chakumanja. Aaron Judge wautola waponyera Didi Gregorius, Gregorius waponyera kwa Gary. Altuve, kamunthu kakafupi kaja, akuthamanga kuchokera koyambirira kuja osaima, ndipo mukaonera vidiyo yake muona kuti mpira udafika iye akadali patali ndithu, Gary akadangougwira basi nkhani ikadatha. Mpira udagunda pansi patsogolo pake pang'ono, kulowa m'gulovu, kutulukamo. Altuve walowa, 2-1, gemu yatha. Alamu adaimitsa vidiyo pomwepo, kubweza, kuimitsanso, kubweza, kasanu konse foni yanga ili pa 9 peresenti, akungoti taonani, taonani alamu, mpira wogunda pansi suulandira ndi dzanja lolimba, umaupatsa malo ngati dzira, ine zimenezi ndinkazidziwa ndili Sitandade 6 pa bwalo la mchenga.

Patangopita masiku atatu, gemu yachinayi ku New York, Yankees idatsalira 4-0 kenako n'kuyamba kubwerera, kufika mu inning ya 8 zili 4-4, anthu awiri ali pa ma base, akubwera ndani? Gary. Kukwapula mpira pakati pa osewera akutali aja, awiri alowa, 6-4, bwalo lonse likugwedezeka. Ine ndidathamanga wapansi kukawapeza alamu pa depoti ndi foni m'manja. Adaonera mwakachetechete, kenako n'kundifunsa kuti kodi tsiku limeneli ananjuta kumbuyo ndani? Ndidayang'ana. Anali Austin Romine. Gary tsiku limenelo adayamba gemu ngati womenya chabe. Alamu adangoseka n'kukwera lole.

Mfundo yawo ndi imeneyo ndipo sadasunthepo: munthu amene ntchito yake ndi kugwira mpira ndiye azigwira mpira. Akuti goloboyi wodziwa kumenya ma penate ndi wosangalatsa pa Facebook koma timu imene ikufuna ligi imafuna amene sapulumutsa mpira pakati pa miyendo. Ndipo Gary naye sankandithandiza. Pa 23 Julayi 2018 ku Tampa Bay mpira udamupulumuka iye n'kumautsatira ngati akupita kukatunga madzi, mpaka munthu adachoka pa base yachiwiri kukalowa, ndiye kumapeto kwa gemu yomweyo ma base onse atadzaza adamenya wapansi n'kumathamanga monyinyirika, kumutulutsa, gemu kutha. Mawa lake timu idalengeza kuti wavulala mphechepeche, ine n'kumati mwaonatu anali wovulala, alamu akuti wovulala amanena asanalowe m'bwalo. Chaka chimenecho average yake idali .186, kutanthauza kuti pa maulendo 10 alionse ankamenya bwino osakwana kawiri. Dolo amakhala cha pa .300. Koma mu Okutobala womwewo ku Boston, pa bwalo la adani awo enieni, adamenya ma home run awiri gemu imodzi, ina yake mtunda wa mafiti 479. Ndi mmene alili munthuyu. Ukangoti ndamutaya akupatsa chifukwa chomusungira, ukangoti ndamukhulupirira akuchititsa manyazi pagulu.

2019 ma home run 34, All-Star kachiwiri. 2020, sizoni ya Covid ija yofupika ya magemu 60, average .147. Apa ndimafuna muone nambala imodzi imene ine imandisokoneza mutu mpaka lero: chaka chonsecho adamenya bwino ka 23 kokha, koma pa 23 pamenepo 10 anali ma home run. Kumutulutsa ndi ma strike, kulephera kumenya mipira itatu, ka 64. Ndiye kuti munthuyu alibe zapakatikati, alibe zoti ndingogunda pang'ono ndifike pa base yoyamba. Kaya chambo kaya ukonde wopanda kanthu. Chaka chimenecho pitcher wodula wa timu, Gerrit Cole, adayamba kumaponyera Kyle Higashioka m'malo mwake, ndipo pofika magemu a ndime yochotsana Gary nthawi yambiri anali pa benchi akuonera ngati ine.

Madala athu a mlonda aja, amene amati ndi phada, tsiku lina adalowererapo tili pa benchi ya pa geti. Adati ana inu mukukangana za ziii. Usipa umagwidwa ndi nyali, mdima ukakhala bii nsomba zimathamangira kuwala, boti kudzaza mpaka madzi kufika m'milomo, koma mwezi ukawala nyali yako ilibe ntchito, mutha kuchezera usiku wonse n'kubwera ndi ka ndiwo ka ana basi. Mwera ukabwera ndiye simulowa n'komwe. Kodi mudaonapo mwini chilimira akugulitsa boti chifukwa mwezi wawala? Amawerengera pa chaka. Ine ndidaomba m'manja, ndati madala mwandilankhulira. Alamu adadikira ndimalize kusangalala kenako adati, madala, mwezi uli ndi kalendala, ngakhale mwana amadziwa kuti sabata yamawa kuda. Tandiuzeni tsiku limene Gary adzadzuke. Madala adangoti aaa imeneyo ndiye sindingaidziwe, n'kunyamula tochi yawo.

Yankho limenelo ndidagona nalo masiku angapo chifukwa ndi lakuthwa. Zoona, fomu ya womenya ilibe kalendala. Koma ndikaganiza bwino, ndi pomwepo pamene alamu akuphonya. Munthu womenya bwino kamodzi pa maulendo anayi kapena asanu, ngakhale asasinthe chilichonse pa kamenyedwe kake, padzakhala sabata zina zimene zabwino zidzaunjikana ndi sabata zina zimene kudzakhala gwaa, ngati mmene zimakhalira pa bawo kapena pa makadi, ndipo amene amamenya mofuna mpanda nthawi zonse kusinthasintha kwake kumaoneka kwambiri chifukwa zabwino zakezo ndi zikuluzikulu koma zochepa. Ifeyo masapota ndi amene timaika nthano pamwamba pake, akatentha akuti wasintha kaimidwe, akazizira akuti ndi ulesi, akuti wanenepa, akuti ndalama zamulowa m'mutu. Pena zimakhala zoona, kuvulala kudalipo ndithu, ndipo ma pitcher adamuphunzira kuti mpira wokhota wothawira kunja amauthamangira. Koma pamapeto pa chaka ma home run 23 ndi 23, kaya adabwera onse mu Juni kaya adamwazikana. Timu imawerengera pa chaka ngati mwini chilimira uja.

Ndipo funso limene alamu amalizemba ndi lakuti tikumuyerekeza ndi ndani. Ma catcher ambiri samenya. Matimu ambiri amangovomereza kuti pa nambala 8 kapena 9 pa mndandanda wa omenya pali bowo, bola munthuyo azigwira bwino. Ndiye catcher wokupatsa ma home run 23 ngati mmene Gary adachitira mu 2021, ngakhale average ili .204, si munthu womutaya kudzala. Komanso dzanja lake loponyera linali mfuti, akuba ma base ankaganiza kawiri, zimenezi alamu amavomereza koma mong'ung'udza. Passed ball 18 pa chaka zikumveka zambiri, koma iliyonse nthawi zambiri imangosunthira munthu base imodzi, pamene home run ndi chigoli chotsimikizika. Kungoti passed ball imanyansa kuiona. Munthu wamkulu atavala zida zonse akuthamangira mpira kumbuyo ngati akuthamangitsa nkhuku ya alendo, kamera ili pa iye, bwalo lonse likukuwa. Zonyansa m'maso timazikumbukira kuposa mulingo wake.

Ine mlandu waukulu wa Gary ndimauona kuti ndi miyezi iwiri ija ya 2016. Adayamba ndi ngongole. Akadabwera mwakachetechete, kumenya 15 chaka choyamba, 20 chachiwiri, anthu akadati tili ndi catcher wabwino ndithu. Koma adayamba ngati mphenzi, ndiye chilichonse chimene adachita pambuyo pake ankachiyeza ndi Ogasiti uja, mwezi umene palibe munthu angaubwereze chaka ndi chaka. Kwathu kuno tikuzidziwa izi. Gabadinho Mhango adagoletsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu sizoni ya 2019/20, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa ligi ya ku South Africa, kenako mu Januwale 2022 ku Cameroon ziwiri zija kwa Zimbabwe ndi chija cha kutali kwa Morocco chimene tonse tidakuwa mpaka agalu a kwa Mponda kuuwa. Chichokereni pamenepo akangotha magemu atatu osagoletsa mumva m'mavidiyo sho anthu akuti watha ameneyu, ngati kuti chigoli cha Morocco ndi choti munthu azichipanga Loweruka lililonse. Ndikawauza zimenezi alamu amati musamuike Gaba m'nkhani zanu za phada.

Mu Malichi 2022 Yankees idamugulitsa ku Minnesota Twins limodzi ndi Gio Urshela, iwo n'kutenga Josh Donaldson, Isiah Kiner-Falefa ndi Ben Rortvedt. Tsiku limenelo alamu adandiimbira ali pa Liwonde, netiweki ikudukaduka, kungoti pepani maliro. Ndipo chaka chimenecho chinali chawo, ndivomereze. Yankees idatenga Jose Trevino kuchokera ku Texas, munthu wopanda dzina, womenya mwa apo ndi apo, koma kumbuyo kuja ngati khoma. Adasankhidwa All-Star, adatenga Gold Glove ya catcher wogwira bwino, mpaka Platinum Glove ya woteteza bwino kuposa onse mu American League. Luso lake lalikulu ndi lija amati framing, ndipo ili ndi limene lidandiphunzitsa kuti alamu ali ndi mfundo yoposa imene iwo eni ankaidziwa. Mpira ukadutsa m'mphepete mwenimweni mwa malire a malo amene pitcher amayenera kulunjika, woweruza amene waima kumbuyo kwa catcher amagamula ndi maso kuti ndi strike kapena ayi, ndiye catcher wochenjera amaulandira mofewa, gulovu ikuchokera kunja kulowa mkati, osagwedezeka, mpira wokayikitsa n'kuoneka ngati wabwino. Ndi kuba kwaulemu. Sikuoneka pa ma highlights, palibe amene amakuwa, koma pa chaka mipira yotere imakhala yambirimbiri ndipo iliyonse imasintha nkhondo ya pitcher ndi womenya. Alamu atamva adati eya, ndi zija goloboyi amachita pogwira mpira pa mzere thupi lili kutsogolo kuti refa asaone bwino. Gary adayesa kuphunzira, mu 2020 adamusintha kuti azigwada bondo limodzi pansi, zina zidakonzeka zina zidaipiraipira, ndipo ena amati kuganizira kwambiri za kumbuyoko ndi kumene kudamusokoneza pomenya. Kaya. Kuyambira 2026 ligi yavomereza kuti osewera azitha kutsutsa chigamulo cha strike makina n'kuweruza, ka VAR kawo, ndiye tiona ngati akuba aulemuwa mtengo wawo ukhalebe womwewo.

Koma chaka changa chidabwera, 2023, ndipo ndimachisunga ngati chitupa. Gary anali atasanduka wosafunidwa, San Francisco Giants idamusunga ku timu yaing'ono n'kumusiya, New York Mets idamuseweretsa magemu atatu okha n'kumutaya, kumapeto kwa Meyi San Diego Padres n'kumutola ngati mmene ndidatolera chipewa changa. Kumeneko adamenya ma home run 19 m'magemu 72. Koma si zimenezo zimene ndimawakumbutsa alamu. Ku Padres kunali pitcher Blake Snell, amene adayamba chakacho moipa, munthu woponya mipira yokhota yogunda dothi, wosalunjika kwenikweni moti chaka chimenecho adapereka ma walk 99, kupatsa womenya base yaulere chifukwa choponya kumbali, ndiye kuti catcher wa manja a sopo amayenera kufera pomwepo. Gary adakhala catcher wake wa nthawi zonse, ndipo Snell adamaliza chaka ndi ERA, avereji ya zigoli zimene pitcher amalola pa gemu, ya 2.25 n'kutenga Cy Young, mphoto ya pitcher wopambana onse mu National League. Munthu yemwe uja ankati ma pitcher akuluakulu samufuna. Ndidawatumizira alamu pa WhatsApp usiku womwewo, adawerenga, timizere tiwiri tabuluu, osayankha masiku awiri. Atabwera adati Snell anali atatengapo kale Cy Young mu 2018 Gary kulibe, ndiye musamupatse mwana ulemu wa bambo ake. Zoonanso zimenezo, mxii. Munthu ameneyu akadapita kusukulu ya malamulo bwenzi tili olemera. Sizoni ya Gary idathera mu Sepitembala mpira utamuthyola pamkono, zimene zimangokhala ngati ndi mmene nkhani zake zonse zimathera.

Kenako Milwaukee mu 2024, Baltimore mu 2025 pa kontirakiti ya chaka chimodzi ya madola 8.5 miliyoni, kumenenso nthawi yambiri adathera kuchipatala cha timu. Ndalama imeneyo alamu adayesa kuisintha m'makwacha pa foni, kakyuleta idawonetsa nambala yaitali, adangoti ndiye kuti kupulumutsa mpira kumalipira bwanji, ine zala zanga zidapindika ulere. Ndidawauza kuti matimu amenewa ali ndi anthu a makompyuta owerengera chilichonse mpaka kapumidwe, ngati akumulipirabe chonchi ndiye kuti akuona chimene inu simukuona. Iwo akuti ngati ndi dolo bwanji aliyense akumusunga chaka chimodzi chokha.

Chaka chomwecho cha 2025 Cal Raleigh wa Seattle, catcher, adamenya ma home run 60 uku akugwira bwino kumbuyo, zimene palibe catcher adachitapo, ndipo kwa kanthawi kochepa ine ndi alamu tidagwirizana pa chinthu chimodzi, chemwali mpaka adatuluka m'khitchini kudzaona ngati tadwala. Sizidatenge mphindi khumi. Alamu adati mwaona, zimatheka kuchita zonse ziwiri, ndiye mnyamata wanu analibe chowiringula. Ine ndati ngati muyezo wanu ndi munthu amene wachita zimene sizidachitikepo chiyambire, ndiye kuti ma catcher onse a m'mbiri ndi mbola, kuphatikizapo Trevino wanu. Nsima idafika tikadali pomwepo.

Chipewa chija pano chidasuluka, chili ngati phulusa, kumbuyo ndidachita kumanga ndi waya. Mwezi watha alamu adabwereka ati dzuwa la pamwamba pa lole likuwaotcha dazi, mpaka lero sadabweze. Mnyamata amene amawathandiza kukweza matumba adandiuza kuti pa rodibuloko ina wapolisi adawafunsa mocheza kuti madala NY ameneyu ndiye kuti chani, alamu ati adatsika pa lole, kuyamba kumufotokozera za Okutobala 2017, mpaka kunjuta pa tala kumuonetsa mmene mpira wogunda pansi amaulandirira, dalaivala akuliza hutala, usipa ukupsa ndi dzuwa.